Tsiku Limene Ndinadzoza Ndodo za Bwana

Amuna onse a pa esiteti ankanunkha fodya, kupatula agogo anga a Waisoni. Ndikawakumbukira, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la sopo wochapira ndi la labala wonyowa, ndipo ndimawaona atakhala pa kampando pakhonde la kanyumba kathu kaudzu, beseni la madzi ofunda lili pakati pa miyendo, utsi wa mapesi ukubwera kuchokera kuseri n'kumalowa m'maso, iwo akutsuka ndodo zachitsulo imodziimodzi mosamala ngati akusambitsa khanda. Anthu ochokera kumunda, manja ali bii ndi utomoni wa fodya, ankawaseka kuti mwamuna wamkulu n'kumatsuka zoseweretsa za mwamuna mnzake. Koma ankasekera patali. Agogo anali ndi diso loti likakugwera unkakumbukira zolakwa zako zonse za sabata imeneyo, ndi zimene sunagwidwe nazo zomwe. Ine ndinkawaopa kuposa galu wa kwa a kapitawo.

Ndodozo zinali za gofu, masewera omenya kampira koyera aja, ndipo mwini wake anali a manijala a esitetiyo. Agogo ali mnyamata ananyamulira azungu zikwama za gofu ku Limbe kwa zaka zambiri, asanakwere lole ya matenanti kubwera ku Kasungu pamodzi ndi anthu ena a kwathu ku Phalombe. A manijala atamva kuti akuluakulu ogula fodya ku Lilongwe amakambirana nkhani zawo pa bwalo la gofu, anakagula ndodo za kaunjika, zisanu ndi zinayi, n'kuyamba kufunsa ngati pali amene amazidziwa. Umu ndi mmene agogo anatulukira m'munda. Ntchito yawo inakhala yosamala ndodozo ndi kuphunzitsa bwana kaimidwe ndi kagwiridwe, Lachisanu lililonse masana, pa bwalo la mpira limene linali pafupi ndi zigafa zoyanikamo fodya.

Lamulo la pa esiteti linali losabisa: amene salima fodya sakhala m'nyumba ya esiteti, ndipo salandira phoso la chimanga. Agogo anali atapitirira zaka makumi asanu ndi awiri, msana utayamba kupindika, ndipo m'nyumbamo tinali awiri okha, chifukwa amayi anamwalira ndili wamng'ono ndipo bambo sindinawadziwe. Denga limene tinkagona pansi pake ndi chimanga chimene tinkadya, zonse zinkabwera chifukwa cha ndodo zisanu ndi zinayi zija. Zinali zaka za makuponi a fetereza. Eni nthaka, anthu a m'midzi ya kwa Chulu, tinkawaona akudutsa pamsewu matumba a fetereza ali panjinga, koma ife obwera dzina lathu silinali m'buku la mudzi uliwonse. Ku Phalombe kumene tinkati n'kwathu, kamunda ka agogo kanali katagawidwa kale kwa ana a mlongo wawo. Tikanachotsedwa pa esiteti, kunalibe kolowera, ndipo zimenezi ndinkazidziwa ngakhale ndinali ndi zaka khumi zokha.

Agogo sanali munthu wofotokoza zinthu. Ankangonena kuti ichi chita, ichi usachite, ndipo chifukwa chake unkayenera kuchipeza wekha. Akakondwa ankanditchula kuti akazanga, monga amachitira agogo ndi adzukulu awo, koma kukondwako sikunali kwa tsiku ndi tsiku. M'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ankandiimika pakhomo n'kuyang'ana miyendo yanga. Ikakhala mbuu, ankandibweza. "Mwana wambuu amanyozetsa pakhomo," ankatero, ndipo mafuta odzola akatha tinkadontheza a ndiwo pachikhatho, bola miyendo iwale. Choncho ine ndinakula ndikudziwa kuti chinthu chotuwa n'chosasamalidwa, ndipo mankhwala ake ndi mafuta.

Pa ntchito ya ndodo ija, ine gawo langa linali la mitu yachitsulo imene imamenya mpira. Ndinkachotsa dothi m'timizere take ndi mswachi wakale n'kupukuta ndi kansanza. Kenako agogo ankatenga kachitini kamene a manijala anawapatsa, ka mafuta opopera aja amene anthu amathira pa tcheni cha njinga kapena pa loko wochita dzimbiri, kokhala ndi kapaipi kofiira kukamwa kwake. Ankapopera pang'ono pa mituyo kuti isachite dzimbiri, ndi pa zipi wa chikwama. Zogwirira za labala, kumtunda kwa ndodo, ankatsuka okha ndi sopo ndi madzi ofunda, ndipo ine ankangondiuza kuti izo ndisiyire iwo. Zikauma zinkakhala zotuwa. Zinkandiwawa m'maso, ndipo mumtima ndinkati mwina agogo akuumira mafuta a bwana.

Tsikulo linali Lachisanu la mu Febuluwale, mwezi umene phoso limatha sabata isanathe ndipo fodya amathyoledwa mame asanaume. Mvula ya dzulo lake inali itapendeketsa chigafa chimodzi, ndiye a kapitawo anaitana amuna onse kuti akachiritse ndi mitengo, okalamba omwe. Agogo anali atatsuka kale zogwirira n'kuimika ndodo pakhonde kuti ziume. Pochoka anandiuza kuti ndipukute mitu basi.

Mitu ndinapukuta, ndipo ndinamaliza msanga. Ndinakhala pansi n'kumayang'ana zogwirira zija zili mbuu ngati miyendo ya mwana wamasiye, kachitini kali pomwepo pawindo. Ndinaganiza kuti ndingoyesa chimodzi. Nditasindikiza kabatani kanalira kuti tsiii, fungo lake lokoma ngati palafini wosakaniza ndi maswiti, ndipo nditapaka ndi kansanza labala uja anada bii n'kuyamba kunyezimira ngati nsapato za abusa. Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Ndinapopera chachiwiri, chachitatu, mpaka zonse, ndipo ndodo yaitali ija, imene bwana ankaikonda, ndinaibwereza kawiri. Ndinkaganiza kuti lero agogo anditchula akazanga anthu akumva. Safunsa anadya phula, koma kodi ndikanafunsa ndani, poti munthu wofunsidwayo ndinkamuopa?

Nditangolongedza ndodo m'chikwama, galimoto ya a manijala inaima pakhomo, nthawi isanakwane. Anali ndi mlendo, mlamu wawo wochokera ku boma, munthu wamimba ndi wa phwete, ndipo zinkaoneka kuti akufuna kumuonetsa zimene aphunzira. Anandiuza kuti ndikweze chikwama kumbuyo, ndithamange ndikaitane agogo, tikumane pa bwalo. Ndinathamanga mokondwa.

Pa bwalo dzuwa linali litatuluka ndi ukali wa pambuyo pa mvula, nthaka ikutulutsa nthunzi. Kumanzere, pamthunzi wa chigafa, amayi a pa esiteti anali atakhala pansi akusoka masamba a fodya, ndipo make Tadala, mnansi wathu, anali atagoneka khanda lake pa chiguduli pambali pake. Agogo anafika matope ali m'miyendo, anasamba m'manja pa chithaphwi, napukuta pa buluku, n'kusolola ndodo yaitali ija m'chikwama. Dzanja lawo litangokhudza chogwirira, anaima. Anachisisita ndi chala chachikulu, anachifikitsa pamphuno, kenako anatembenuka n'kundiyang'ana.

Ndinkayembekeza diso laukali lija, limene ndinkalidziwa. Silinabwere. Chimene ndinaona pankhope pawo anali mantha, ndipo ine ndinali ndisanadziwe kuti agogo nawo amaopa. Koma ndinali ndisanamvetse kuti ndalakwa chiyani.

Anavula chipewa. "Bwana, lero tisamenye," anatero. "Ndodozi zikuterera."

A manijala anaseka, akuyang'ana mlamu wawo, n'kunena kuti madala ayamba ulesi. Analanda ndodoyo, naitembenuza padzuwa, nati chiigulireni sinayerepo chonchi. Mawu amene ndinkawalakalaka aja ndinawamva, koma anandilowa ngati minga. Agogo anachondereranso, chipewa chili pachifuwa, kuti awapatse ola limodzi lokha akatsuke. Bwana anati ola alibe, ndipo anaika kampira pansi n'kutangadza miyendo monga anaphunzitsidwira. Manja awo anali thukuta lokhalokha.

Apo agogo anasiya kuchonderera. Anatembenuka n'kuyamba kuthamangira ku chigafa, munthu amene ndinali ndisanamuonepo akuthamanga, msana wopindika, miyendo ikuterereka m'matope, akukuwa kuti amayi achoke, anyamule mwana. Iwo ankadziwa kumene ndodo imapita ikapulumuka m'manja, chifukwa anaziona kale ku Limbe nthawi ya mvula. A manijala sanadikire. Anakweza ndodo, naitsitsa ndi mphamvu zawo zonse.

Kampira kanangogubuduka pang'ono. Ndodo ndi imene inapita. Inauluka ikuzungulira, ikulira kuti vuu vuu, inadutsa pamwamba pa phewa la agogo, ndipo ine ndinaiona ikutsikira pa chiguduli chija. Make Tadala anali atangomutsomphola mwanayo ndi mkono umodzi. Mutu wachitsulo unamenya pamene panali mutu wa khanda, unanjanja, n'kukagunda nsanamira ya chigafa, ndodo n'kupindika pakati. Fumbi la fodya linagwa kuchokera pamwamba.

Kenako khanda linayamba kulira, make akulipapasa thupi lonse, akungotchula dzina la Yesu chapansipansi. Ine ndinamva mkodzo wotentha ukutsika mpaka kumapazi. Ndiye mlamu uja, ataona kuti palibe magazi, anayamba kuseka. Anaseka mpaka kukhala pansi, akuti gofu wa ku Kasungu amamenya ndodo n'kusiya mpira. Ndikaganiza lero, ndimaona kuti chimene chinatilakwira kwenikweni ndi kuseka kumeneko. Za khanda bwana akanaziiwala pofika madzulo, koma kusekedwa pamaso pa amayi osoka fodya sakanakuiwala.

A manijala ananunkhiza zikhatho zawo, nasolola ndodo zina n'kuzigwira imodziimodzi. Kenako anafunsa, osakweza mawu n'komwe, kuti wathira mafuta ndani. Ine ndinali nditaima pambali pa galimoto, manja ndili nditabisa kumbuyo chifukwa ankanunkha kachitini kaja. Ndinkadziwa kuti mwana akalakwa amamenyedwa nkhani n'kutha, ndipo mwina bwana akanangonditukwana n'kuseka za umbuli wa ana. Koma ndinangoyang'ana pansi.

"Ntchito munapatsa ine, bwana," anatero agogo, akupuma movutika.

"Sindinafunse zimenezo, madala. Ndati wathira ndani?"

"Ntchito munapatsa ine."

A manijala anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndikhulupirira kuti anadziwa, ndipo ankadikira kuti ndiyankhule. Sindinayankhule. Pamapeto pake anaponya chikwama pansi n'kunena kuti mawa m'mawa akupita ku Lilongwe kukasewera ndi akuluakulu, ndipo ndodo imodzi yokha ikakaterera, Lolemba tikhale titamanga katundu.

Tinabwerera kunyumba agogo ali patsogolo ndi chikwama, ine pambuyo ndi ndodo yopindika ija. Ndinkadikira mbama, ndipo kunena zoona ndinkaifuna. Sinabwere. Anangondiuza kuti ndikasinthe diresi, nditereke madzi, ndikapemphe madeya kwa make Tadala. Kupita pakhomo limenelo kunali kowawa kuposa mkwapulo. Mayiyo anandipatsa madeyawo, mwana ali kumsana atamumanga zolimba.

Tinayamba ndi kukwirira zogwirira m'madeya kuti amwe mafuta. Kenako phulusa, kenako sopo ndi madzi otentha ndithu, agogo akukhula ndi mswachi mpaka thovu kuda, kutsukuluza, n'kuyambiranso. Sopo wathu anali kachidutswa kotsala kamene tinkati kafike kumapeto a mwezi, ndipo ndinkakaona kakuchepa m'manja mwawo. Atatsuka yoyamba katatu, ananyowetsa dzanja, nagwira chogwirira, n'kundiuza kuti ndigwire kumutu ndikoke ndi mphamvu zanga zonse. Ndinakoka, ndodo inasoloka m'dzanja lawo mosavuta, ine n'kugwa chagada nayo pachifuwa. Sanaseke. Anaitenga n'kuibwezera m'beseni.

"Chogwira dzanja sichidzola," anatero, ali chiweramire. "Unaonapo mpini wa khasu utadzozedwa?"

Amenewo ndiwo mawu okha amene ananena pa nkhaniyo, tsiku limenelo ndi masiku onse otsatira. Tinatsuka ndi kukoka, kutsuka ndi kukoka, ine ndikutunga madzi ndi kusonkhezera moto, maso akutuluka misozi ya utsi ndi ina yosakhala ya utsi, mpaka dzuwa linatsikira kuseri kwa mitengo ya bulugamu. Zala za agogo zinayera n'kuchita makwinya, ndipo chimodzi chinang'ambika ndi phulusa. Pofika ndodo yachisanu ndi chitatu ndinkakoka mpaka mapazi kukumba pansi, koma dzanja lawo silinkasuntha. Yopindika ija anayesa kuiwongola pa bondo, nayesa pakati pa nsanamira ziwiri, koma chitsulo chake chinali chitapinda ngati bango, ndipo anaisiya.

Loweruka m'mawa a manijala anabwera, nagwira zogwirira zonse, nakweza chikwama m'galimoto osatipatsa moni. Masiku awiri amene anatsatira sindidzawaiwala. Agogo anamanga mabulangete ndi miphika mu chitenje cha malemu amayi n'kuika mtolowo kuseri kwa chitseko, nati ndi bwino kukonzeka. Ine chakudya chinakana kutsika. Galimoto iliyonse ikalira kumsewu ndinkathamangira kuseri kwa nyumba. Lamulungu ku tchalitchi ndinapempha Mulungu kuti manja a bwana akhale ouma, ndipo ndinalonjeza zinthu zambiri zimene sindikanatha kuzikwaniritsa. Kangapo ndinafika pafupi ndi kampando ka agogo kuti ndinene, koma ndikaona mtolo uja kuseri kwa chitseko ndinkabwerera.

Lolemba sanabwere a manijala, anabwera a kapitawo. Anaima pabwalo, osalowa pakhonde, n'kunena kuti ndodo sizinaterere, ndiye nyumba tikhalamobe. Koma bwana wasiya chikwama ku Lilongwe komweko, wapeza womusamalira kumeneko, ndipo ntchito ya gofu pa esiteti yatha. Lamulo analidziwa agogo. Mawa lake akayambe kuthyola fodya, ndipo dzinja likudzalo atenge ndime ya kuchulu alime monga tenanti wina aliyense.

Agogo anathokoza, akuomba m'manja. A kapitawo atachoka anamasula mtolo uja, nabwezera miphika pamalo pake, n'kukatenga khasu lawo lakale kudenga. Ine ndinasangalala, Mulungu andikhululukire. Ndinkangoona kuti sitikuchoka, ndipo usiku umenewo ndinadya mpaka kukhuta.

Chimene kulima fodya kumachita pa thupi la munthu wokalamba ndinachiona pang'onopang'ono. Ankalowa m'munda mame ali thoo, n'kutuluka malaya atanyowa ndi madzi a masamba, mutu ukuzungulira, nthawi zina akusanza kuseri kwa chulu kuti ndisaone. Kunyamula madzi a ku nazale kunawapinda msana mpaka ankayenda akuyang'ana mapazi awo. Ine ndinkathandiza ndikaweruka kusukulu, koma ndikanena zosiya sukulu ankandiyang'ana ndi diso lakale lija, nkhani n'kuthera pomwepo. Anthu amene ankawaseka aja anasiya kuseka, popeza tsopano anali mnzawo. Anakolola dzinja limodzi. Lachiwiri chifuwa chinawagwira fodya ali m'chigafa.

Atagona pa mphasa masiku awo omaliza, tsiku lina masana ndinagwada pafupi nawo n'kuyamba kuti, agogo, za ndodo zija. Sanandilole kumaliza. Anatsegula maso n'kunena kuti akumva ludzu, ndikatunge madzi ozizira a kuchitsime, osati a mumtsuko. Chitsime chinali kutali. Nditabwerera ndinapeza amayi a mumpingo atadzaza m'nyumba akuimba, ndipo mpata wina sunapezekenso. Anamwalira patapita masiku atatu, naikidwa ku manda a obwera, kumalire a esiteti. Ine ananditenga azakhali ena a ku Santhe, achibale akutali a malemu amayi, amene anandiphunzitsa mpaka ndinakhala munthu.

Mpaka lero sindidziwa ngati ananditumiza kuchitsime pofuna kundipeputsira katundu, kapena chifukwa analidi ndi ludzu. Sindidziwanso ngati kuyankhula kwanga pa bwalo paja kukanasintha mtima wa bwana. Mwina ayi. Koma ndikanayesa, ndipo sindinayese.

Tsopano ndine mayi wa ana awiri, ndipo anzanga a kuntchito amandiseka kuti ndimavomera mlandu usanafunsidwe, ngakhale kapu itasweka ndili kutali nayo. Ndimaseka nawo. Chaka chatha ndinakwera njinga ya kabaza kupita ku esiteti kuja, ndipo mlonda wina wachikulire anavomera kundiperekeza kumanda. Udzu unali wofika m'chiuno, mitanda yamatabwa inadyedwa kale ndi chiswe, ndipo mitumbira yonse inali yofanana. Ndinazungulira kawiri osadziwa poti ndiime. Mlonda uja anafunsa ngati tibwerere, ndipo ndinamupempha kuti adikire pang'ono. Ndinaima pakati pa mandawo n'kunena mokweza, kuti onse ogona pamenepo amve, kuti amene anathira mafuta ndine.